Voteji ya Loweruka

Ndinabwerera kwathu ku Whyalla m'nyengo yozizira, nditakhala ku Finland zaka zokwanira kuti tsitsi lichite imvi ndiponso kuti anthu a kwathu aleke kufunsa kuti ndibwera liti. Fumbi lofiira la ku fakitale ya zitsulo ndinalipeza lili pomwepo, pamadenga, pamipanda, ngakhale pa nkhunda za mumsewu. Zina zonse anali atasintha osandifunsa. Sitolo ya mabuku akale imene ndinakuliramo, m'mene ndinawerenga chilichonse mpaka mabuku a kaweteredwe ka nkhosa, inali ikugulitsa zakudya za agalu. Anthu ondidziwa anali kumanda, otsalawo ankandifunsa ngati ndabwera kudzaona malo.

Anandiitanitsa ndi Raelene, mkazi wa mlongo wanga Garrick. Pafoni sanatchule za matenda, poti amenewo tonse tinkawadziwa kale. Anangoti, "Nerida, bwera udzaone kompyuta ya mlongo wakoyu. Anzakewa aipha."

Matenda a Garrick ndi aja ofoola minofu pang'onopang'ono, mutu n'kumagwirabe bwinobwino. Iye anamuyambira pakhosi. Dokotala atamuuza kuti mawu apita, anadzitsekera m'shedi miyezi yathunthu akuwerengera maikolofoni ziganizo zambirimbiri, ndipo pulogalamu ina imene anagula ku kakampani kenakake inaphunzira mawu akewo. Anaiphunzitsanso kutukwana, zimene eni pulogalamu sanapemphe. Pofika nthawi imeneyi manja nawo anali atasiya. Ankalemba ndi maso, kudzera pa kakamera kokhala pansi pa sikirini, kompyuta n'kumalankhula ndi mawu ake enieni, okanda pang'ono ngati a munthu wongodzuka kumene.

Kakampaniko kanatha kalekale, ndipo pulogalamuyo kanaimangirira ku purosesa, ubongo wa kompyuta imeneyo, basi. Kuisamutsira m'makina ena inkakana. Kusintha purosesa, inkakananso. Mawu a mlongo wanga ankakhala m'kachitsulo kochepa ngati bisiketi, ndipo kukanati kupsa kachitsuloko, kunalibenso kwina kokawatenga.

Ndinamupeza pabalaza ali pachikuku chake. Pambali pake panali chibokosi chakuda chokhazikidwa pa kangolo ka matayala, mafani ake akulira ngati ndege yofuna kunyamuka.

"Ndinaitanitsa mlongo wanga," inatero kompyutayo ndisanatule n'chikwama chomwe. "Andibweretsera mayi."

"Iwenso wanenepa ndi kukhala," ndinatero.

"Ine ndili pa tchuthi. Iwe chifukwa chako n'chiyani?"

Yankho linabwera ndisanatseke pakamwa. Maso ake ankathamanga pa sikirini ngati mbalame yotola mapira, pulogalamu n'kumamumalizira mawu imene inazolowera. Ndinakhala pansi. M'tauni yonseyo, chinthu chokhacho chimene ndinachipeza monga ndinachisiyira chinali mawu amenewo.

Za makompyuta ine ndi Garrick tinaphunzirira limodzi tili achinyamata, m'shedi ya bambo, tikuzunza mapurosesa otchipa kuti athamange ngati odula. Purosesa iliyonse imabwera ndi liwiro limene oipanga analonjeza. Ukafuna ipitirire pamenepo umaipatsa magetsi ochulukirapo, ndiko kukweza voteji. Ikadya magetsi ambiri imatentha, ndipo kutenthako kumaidya m'kati mwakachetechete. Pakapita nthawi imayamba kufuna voteji yochuluka kuti ichite zomwe inkachita dzulo mosavuta. Apa munthu wanzeru amatsitsa liwiro n'kuipumuza. Koma ife a m'mashedi a ku Whyalla sitinaphunzire kutsitsa chilichonse. Makina akazima timawonjezera pang'ono, n'kutsegula botolo lina.

Garrick anakweza purosesa yake pa chifukwa chomveka. Ikamathamanga kwambiri, pulogalamu ija inkayamba kulankhula kwinaku ikupanga mawu otsalawo. Ikabwerera pa liwiro la kufakitale, inkayamba yapanga chiganizo chonse, kenako n'kulankhula. Manja atasiya, ntchito yowonjezera voteji anaipatsa mnzake Dragan, chifukwa zimenezi amasinthira mu bayosi, tsamba lija limatseguka kompyuta isanadzuke bwinobwino. Mu bayosi kakamera ka maso sikagwira ntchito. Mmenemo Garrick analibe manja, analibenso mawu.

M'mawa mwake ndinalowamo, iye akuyang'ana. Nambala imene ndinaiona inandichititsa kuvula magalasi n'kuwapukuta. Inali 1.48. Ife tili ana tikafika pa 1.4 tinkasendeza chozimira moto pafupi.

Nditayatsanso kompyuta kuti alankhule, ndinawauza onse awiri mosabisa. Purosesayo inali itatopa. Pa voteji imeneyo, nyengo yotentha ikubwera, sikanafika patali. Titatsitsa liwiro ndi voteji, ikanatha kukhala zaka.

"Dokotala akuti munthuyu akhoza kukhala nafe zaka," anatero Raelene. "Ndikufuna azindiyankha zaka zonsezo."

"Akufuna womutsutsa," anatero Garrick. "Galu anamulephera."

"Ndikunena zenizeni, Garrick," anatero Raelene.

Maso a Garrick anayenda pa sikirini. Kenako anati, "Chita, Nerida. Koma ukandisandutsa m'busa ndikuchotsa mu wilo. Sudzalandira ngakhale sipanala."

Ndinatsitsa. Ndinayenda nayo pang'onopang'ono, kuchotsa kachidutswa, kuyesa, kuchotsanso, mpaka ndinapeza pamene purosesa inkaima bwino osatentha. Mafani anatonthola, moti kwa nthawi yoyamba tinamva wotchi ya pakhoma. Inali ntchito yabwino, ndipo mpaka lero sindipezamo cholakwa. Mawu anayamba kuchedwa pang'ono, nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi kamodzi n'kubweza kapu pambale. Ine ndinaona ngati si kanthu. Ndinali nditakhala nthawi yaitali pakati pa anthu amene amadikira mnzawo amalize kulankhula, n'kudikiranso pang'ono kuopa kuti mwina watsala ndi mawu ena. Kumeneko kukhala chete ndi ulemu. Ndinali nditaiwala kwathu.

Loweruka masana anabwera Dragan ndi Spiro, monga ankachitira kuyambira onse atatu akugwira ntchito kung'anjo. Tinakankhira chikuku ndi kangolo ku shedi. Dragan ndi wamtali, wamimba, msodzi wa pakamwa. Spiro ndi wamfupi, ndipo ndiye amawotcha soseji chifukwa sakhulupirira munthu wina pamoto. Anzake awiriwa ankatchula mlongo wanga kuti Meya, poti nthawi ina anapikisana nawo pa ukhansala n'kuvoteredwa ndi abale okha. Kwathu amuna sauzana kuti ndimakukonda. Amanyozana, ndipo wosanyozedwa ndi mlendo kapena maliro.

"Pulofesa wafika," anatero Dragan atandiona. "Akuti wadzakonza zimene ndinawononga ine."

"Ndikanati ndikonze zonse zimene unawononga ndikanayambira ukwati wako woyamba."

Dragan anatembenukira kwa Garrick. "Wamva, Meya? Magazi amodzi awa."

Atatsegula mowa, Dragan anayamba nkhani ya nsomba imene anagwira m'kati mwa sabata, akutambasula manja mpaka mowa kutayikira pansapato. Ndinaona maso a Garrick akuthamanga, ndipo anamaliza kulemba Dragan asanatsitse manja. Kompyuta inakhala chete, ikupanga mawu. Spiro, poona kuti palibe akulankhula, anatembenuza soseji n'kunena, osayang'ana munthu, kuti mkazi wake amupeza ndi chotupa m'bere ndipo Lolemba akupita naye kuchipatala ku Adelaide.

Apo ndi pamene mawu a mlongo wanga anatuluka, amphamvu, osangalala.

"Bodza limenelo. Kanthu kake n'kochepa ngati chala, ukungotitayitsa nthawi."

Aliyense anadziwa chimene chachitika. Spiro mpaka anaseka, n'kunena kuti akamuuza dokotala zomwezo. Koma nkhope ya Garrick, imene inali itatsala ndi maso okha ogwira ntchito, inafiira mpaka m'makutu. Analemba kupepesa. Kupepesako nako kunachedwa, kunafika Dragan atayamba kale kufunsa za ulendo wa ku Adelaide, ndipo kunamudula pakati.

Kuyambira tsiku limenelo amuna awiri aja anayamba kuchita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anayamba kudikira. Maso a Garrick akangoyamba kuyenda pa sikirini, onse ankasiya kulankhula, mabotolo ali m'manja, nkhope zili kwa iye ngati anthu a m'tchalitchi. Nthabwala ikatuluka ankaseka, koma kuseka kwa kuchipatala. Nthabwala yodikiriridwa ili ngati soseji ya dzulo, umadya chifukwa wakupatsa ndi mnzako.

Loweruka lina Dragan ananena kuti timu yake chaka chino itenga chikho, nkhani imene kale Garrick akanaiphwanya isanafike pansi. Maso ake anayamba kuyenda. Onse anatonthola.

"Lankhula, Garrick, tikudikira," anatero Spiro.

"Osathamanga, m'bale wanga," anatero Dragan. "Nthawi ilipo."

Maso anaima. Anafufuta zimene analemba, n'kulemba zina zazifupi. Tinadikira.

"Palibe," inatero kompyuta.

Lolemba m'mawa, Raelene akumupukuta kukamwa atamaliza kumudyetsa, Garrick anandiitana.

"Unamumva Spiro?" Tinadikira chiganizo chachiwiri. "Wanditchula Garrick. Dzina limenelo amanditchula ndi madokotala ndi apolisi."

"Amakukonda, n'chifukwa chake," ndinatero.

"Akundilira ndili moyo. Kweza."

Raelene anaika kansalu pansi. "Ndiye ikapsa?"

"Ikapsa yapsa."

"Iwe uzikhala duu, ine ndizicheza ndi firiji?"

Sanadikire yankho. Ananyamula mbale n'kupita kukhitchini, ndipo tinamva madzi akutsegulidwa mwamphamvu. Mawu anatuluka iye atapita.

"Firiji imakumvera kuposa ine."

Ndinatsala ndi mlongo wanga, ndipo ndinamvetsa onse awiri, chimene ndi chilango cha anthu owerenga kwambiri. Ndinene zoona, inenso ndinali ndi mbali. Ndinkafuna mawuwo akhalitse, poti ndinali nditawamva pang'ono kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Ndiye ndinaganiza mwanzeru, monga ndinachitira moyo wanga wonse. Bayosi imalola kusunga makonzedwe awiri. Ndinati masiku onse purosesa izikhala pansi, ikupuma, koma Loweruka masana ndizikweza, anzake akapita ndizitsitsanso. Maola ochepa pa sabata sakanaipha msanga.

Raelene anamvetsera ataima pakhomo la khitchini, manja ali ndi thovu. Anati, "Ngati zikuthandiza." Garrick anati, "Sukulu ija sinapite pachabe." Ndinanyada.

Loweruka lotsatira Spiro anali asanayatse n'moto womwe pamene mawu a Garrick anamupeza.

"Meya akufunsa ngati wabwera kudzawotcha soseji kapena kudzazipempherera."

Spiro anatembenuka pang'onopang'ono. "Taonani, mtembo walankhula."

"Mtembo umenewu ukadakuposa pa makadi."

"Umabera, iwe. Ngakhale ndi maso omwewo ukubera, sindikudziwa kuti bwanji koma ukubera."

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Dragan anamutchula mayina amene sindingawalembe. Garrick anafunsa za mkazi wa Spiro pa nthawi yake, ndi mawu oyenera, kenako n'kuwonjezera kuti mayi amene wapirira Spiro zaka zonsezi chotupa sichingamuchite kanthu. Spiro anapukuta m'maso n'kunamizira utsi. Anzake atapita ndinalowa mu bayosi, kutsitsa, n'kumukankhira m'nyumba kwa mkazi wake.

Tinayenda choncho nyengo yozizira yonse mpaka masiku anayamba kutalika. Kenako, Loweruka lina, kompyuta inazima pakati pa macheza. Makonzedwe apamwamba aja anali atasiya kukwanira. Ndinalowa mu bayosi amuna atatu akundiyang'ana. Ndinkadziwa tanthauzo lake kuposa onsewo. Ndinayang'ana Garrick, amene pa nthawi imeneyo analibe mawu. Anandiyang'ana, n'kukweza maso kudenga, n'kundiyang'ananso.

Ndinawonjezera kachidutswa kamodzi.

"Takulandira, Pulofesa," anatero Dragan, n'kundipatsa botolo.

Patapita masabata angapo ndinawonjezeranso. Ndinasintha mafuta a pakati pa purosesa ndi choziziritsira, ndinapukuta fumbi lofiira m'mafani, ndinabweretsa fani ya pabalaza kuti iziuzira m'bokosi lotsegula. Zonsezi zinali zoona ndi zothandiza, koma nambala inkakwerabe, ndipo woikweza ndinali ine. Raelene sindinamuuze kuti yadutsa pamene anaisiya Dragan. Iyenso sanafunse.

Mu Januwale kunabwera mphepo ya kumpoto, ija imachokera kuchipululu ngati wina watsegula uvuni. Malata a shedi ankalira okha. Ndinati lero tisakweze, kapena tichezere m'nyumba mozizira. Garrick anati m'nyumba ndi mwa odwala. Spiro anali atabwera ndi nkhanu zophikaphika ndi uthenga woti mkazi wake madokotala amumasula, ndipo panalibe amene akanalola kuti tsiku lotero lidutse mwaulemu. Ndinakweza.

Anali pabwino tsiku limenelo, kuposa masiku onse. Dragan ankalimbana ndi nkhanu, chipolopolo chikumubaya m'zala, ndipo anati pa moyo wake wonse sanagonjepo ndi chinthu cha m'nyanja.

"Dragan, iwe unagonja ndi bafa la kunyumba kwako, tsiku lija unaitana ambulansi uli..."

Sikirini inada. Mafani anapitiriza kuzungulira kanthawi, kenako anaima.

"Uli chiyani?" anatero Dragan. "Malizitsa, galu iwe."

Ndinayatsa. Palibe. Ndinachotsa kabatire ka pabolodi la m'kati mwa kompyuta kuti bayosi iiwale zonse ndi kubwerera pa makonzedwe a kufakitale, ndinadikira izizire, ndinayatsanso. Kagetsi kofiira ka pafupi ndi purosesa kanayaka n'kukhala choyaka. Ndinayesa mpaka nkhanu zinayamba kununkha. Amuna aja anaima chilili. Garrick sanayang'ane bokosilo ngakhale kamodzi. Ankayang'ana kunyumba, kumene Raelene anali ataima pazenera la khitchini.

M'masabata otsatira ndinachita zonse zimene munthu angachite. Ndinapeza purosesa ya mtundu womwewo kwa munthu wina wa ku Perth. Kompyuta inadzuka, pulogalamu inatseguka, n'kunena mwaulemu kuti makina awa siiwadziwa. Ndinalembera anthu amene kale ankagwira ntchito ku kakampani kaja. Mmodzi anayankha kuti pepani. Achipatala anabweretsa tabuleti yokhala ndi kakamera kake, yachangu, yosatentha, yolankhula ndi mawu a mnyamata waulemu amene sanalowepo m'fakitale. Garrick amaigwiritsa ntchito popempha madzi ndi kutembenuzidwa. Loweruka anzake amabwerabe. Tabuletiyo sichedwa, koma mnyamata uja akanena kuti Spiro ndi mbuzi zimamveka ngati chilengezo cha pabwalo la ndege, ndipo Garrick anasiya.

Tsiku lina m'mawa ndinkathandiza Raelene kuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Chipsereni purosesa anali asanandinene kanthu, ndipo ine ndinkalakalaka atandikalipira. Ndinayamba ndine. Ndinamuuza kuti voteji ndinaikweza kudutsa ya Dragan.

"Ndinkadziwa," anatero. "Mafani ndinkawamva."

Anakung'untha shati n'kuipanira pachingwe.

"Ukudziwa m'mene tinakumanirana ine ndi mlongo wako? Iwe unali utapita kale. Ndinkagulitsa mapayi ku kantini ya kufakitale. Anandiuza kuti payi yanga n'kumangira nyumba. Ndinati abweretse mutu wake tikhomere misomali. Anabweza ndisanapume n'komwe. Ndinakwatiwa ndi zimenezo, Nerida. Nkhope ija sukanakwatiwa nayo."

Ndinaseka pang'ono. Iye sanaseke.

"Miyezi yonseyi wachangu uja munkapita naye ku shedi. Ine munkandibwezera wochedwa. Loweruka ndinkatsegula zenera la kukhitchini kuti ndizimumvera patali akunyoza Dragan."

"Bwanji sunanene? Ndikanakweza tsiku lina lililonse. Ndikanakupatsa Lamlungu."

"Ndikananena chiyani? Si ndine ndinakuitana kuti udzatsitse? Ndinkaona ngati ndikusunga. Ndimati mawuwo tidzawadya pang'onopang'ono." Anatola chopanira china m'thumba la epuloni. "Iwenso unawerengera zonse, kutentha, maola, chilichonse. Sunafunse kuti maolawo apite kwa ndani."

Ndinagwira nsonga ya nsalu ya pabedi, iye nsonga inayo, tinaikoka kuti iwongoke.

M'nyumba munamveka mawu a mnyamata wa mu tabuleti uja, oyera, osathamanga. "Raelene. Raelene."

Anapitiriza kupanira nsalu. Mawuwo anaitananso, ndipo iye anatola pilokesi m'basiketi n'kuikung'untha.

"Akukuitana," ndinatero.

Anaima, pilokesi ili m'manja, n'kutchera khutu kunyumba.

"Ndi iyeyo eti," anatero. Anandipatsa pilokesiyo, anapukuta manja pa epuloni, n'kulowa.